Kodi Wofufuza Ayesedwe ndi Kuchuluka kwa Omutchula?

M'masukulu a ukachenjede padziko lonse lapansi muli mwambo umene ophunzira ambiri amayamba kuudziwa atalowa kale, ndipo aphunzitsi a ku sekondale angachite bwino kuwatsina khutu asanachoke m'manja mwawo. Mwambo wake ndi uwu: munthu wofufuza za sayansi akafuna kukwezedwa pa ntchito, akapempha ndalama zochitira kafukufuku wina, ngakhalenso akamwalira anthu n'kumalemba mbiri yake, akuluakulu amayamba afunsa mafunso awiri. Loyamba nlakuti, kodi iyeyu walemba mapepala angati m'magazini a akatswiri? Lachiwiri nlakuti, kodi akatswiri anzake amutchula kangati m'zolemba zawo? Mayankho ake amakhala manambala, ndipo manambala ali ndi chizolowezi chotseka anthu pakamwa.

Kutchulana kumeneku kuli ndi chiyambi chabwino. Wasayansi akalemba zimene wapeza, lamulo la ntchito yake limamukakamiza kuti kumapeto kwa pepalalo andandalike maina a onse amene iye waima pa ntchito yawo, kuti wowerenga wokayika athe kupita kukadzionera yekha pamene mfundo iliyonse yachokera. M'chaka cha 1955 Eugene Garfield wa ku America anaganiza kuti maina amenewa atasonkhanitsidwa pamodzi, munthu angathe kutsata mfundo imodzi monga mlenje atsata mapazi a nyama, kuchokera kwa amene anaiyamba kufikira kwa onse amene anaigwiritsa ntchito pambuyo pake. Mu 1964 anatulutsa buku lalikulu la ndandandayo lotchedwa Science Citation Index. Chinali chida chothandiza anthu kupeza zowerenga m'nyumba zosungiramo mabuku. Koma sipanapite nthawi, oyang'anira mayunivesite anaona kuti chida chomwecho chingathe kukhala sikelo yoyezera anthu. Ndipo mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku California, anapanikiza moyo wonse wa wofufuza m'nambala imodzi yotchedwa h-index: munthu wa h-index ya 40 ndiye kuti ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa ndi ena kosachepera ka 40.

Mphunzitsi aliyense akuidziwa nkhani yotereyi, pakuti nayenso amaona zaka zinayi za mwana zikupindidwa n'kukhala mapointi a mayeso a MSCE. Akudziwa kuti mapointiwo sanama, koma akudziwanso kuti sanena zonse. Funso tsono ndi lakuti nambala ya wasayansi imanena chiyani, nanga imasiya chiyani. Ndipo palibe chifukwa chokafunira chitsanzo kutali, pamene chilipo pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, chimene eni mzindawo amachitcha Gulupu.

Malemu Pulofesa Malcolm Molyneux, dokotala wa ku Britain, anafika m'Malawi mu 1974 pamodzi ndi akazi awo, a Elizabeth Molyneux, amenenso ndi dokotala wa ana. Anayamba ntchito pa chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Malosa, kenaka n'kusamukira ku Gulupu. Pambuyo pake anakaphunzitsa ku Liverpool, koma mtima wawo sunachoke pa matenda amene anawaona akupulula ana m'nyengo ya dzinja, ndiwo malungo a mu ubongo. Mu 1995 anatsogolera kukhazikitsa ntchito ya kafukufuku ya mgwirizano wa Malawi, Liverpool ndi bungwe la Wellcome Trust. Pomwalira mu 2021 anasiya mapepala mazana angapo okhala ndi dzina lawo, otchulidwa ndi akatswiri ena nthawi zikwizikwi. Pa sikelo ya Garfield ndi Hirsch iwo ndi munthu wolemera ndithu. Koma pa mapepala onsewo pali limodzi, la chaka cha 1989, limene likuonetsa bwino pamene sikeloyo imalekezera.

Vuto limene analimbana nalo linali lotere. Mwana wa malungo aakulu amafika kuchipatala ali chikomokere, mwina ataphupha kangapo panjira. Madokotala awiri atamuona, wina angathe kunena kuti wakomoka kwambiri, wina n'kunena kuti wangolefuka. Ndipo namwino wa usiku sangathe kuuza wa m'mawa mwatchutchutchu ngati mwanayo akutsitsimuka kapena akumira. Muyeso wa kukomoka unalipo kale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza ku Glasgow mu 1974, woyambira pa 3 kulekezera pa 15. Koma muyeso umenewo unakonzedwera anthu aakulu ovulala m'mutu, ndipo umafuna kuti wodwala amvere zimene wauzidwa ndi kuyankha dzina lake, malo amene ali, ndi tsiku. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka, ngakhale ali bwinobwino, sangayankhe zimenezo. Kumuyesa ndi muyeso wa ku Glasgow kuli ngati kuyesa ufa ndi chingwe.

Chimene a Molyneux ndi anzawo anachita ndicho kukonza muyeso wolingana ndi mwana amene sanayambe kulankhula. Woyesa amaona zinthu zitatu zokha. Amaona maso: ngati mwana atsata nkhope ya mayi wake ikamayenda, apatsidwa 1, ngati sakutsata, 0. Amaona kuyenda kwa thupi: akamukanikiza pa fupa la pachifuwa mwana n'kutenga dzanja lake kukankha chimene chikumupwetekacho, apatsidwa 2, ngati angobweza dzanja pamene amupsinja chikhadabo, 1, ngati sachita kanthu, 0. Amamvanso kulira: kulira kwa mwana wabwinobwino amene wamva kuwawa ndi 2, kubuula kapena kulira kwachilendo ndi 1, kukhala chete ndi 0. Zonse pamodzi zimafika pa 5. Mwana amene wapeza 2 kapena kutsikirapo ndiye kuti wakomokadi. Palibe makina, palibe magetsi, palibe mankhwala oitanitsa kunja. Pensulo ndi maso basi. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha ku Nsanje angathe kuchita zimenezi monga momwe angachitire pulofesa wa ku London, ndipo onse awiri adzatchula nambala imodzimodzi.

Pepala la 1989 linafotokoza za ana 131 amene anagonekedwa ali chikomokere. Mwa iwo 20 anamwalira, ndipo 12 anachira koma ubongo wawo utavulala. Ofufuzawo anaonetsa zizindikiro zimene zimachenjeza kuti mwana ali pafupi ndi imfa, monga kukomoka kozama ndi kutsika kwa shuga m'magazi. Za shugazi anali atalemba kale mu 1988, ndipo phindu lake nlosavuta kumva: shuga akatsika angathe kubwezeredwa pompo kudzera mu mtsempha, malinga wina akumbukire kumuyeza.

Akatswiri alitchula pepala limeneli nthawi mazanamazana, ndipo nambalayo njoyenera. Koma aliyense aganize za kumene muyesowu umagwira ntchito yake yeniyeni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linauika m'malangizo ake a kazindikiridwe ka malungo aakulu mwa ana. Umaphunzitsidwa kwa anamwino ndi madokotala m'maiko ambiri kumene kuli malungo. Usiku uliwonse wa dzinja pali wina m'chipinda cha ana odwala amene akupsinja chikhadabo cha mwana ndi kulemba nambala pa pepala la pa bedi. Palibe mwa amenewa amene amalemba m'magazini, kotero kompyuta yowerenga maina siwaona. Ambiri a iwo sanamvepo dzina la Molyneux, popeza muyesowo sunatchedwe dzina la munthu. Unatchedwa dzina la mzinda, Blantyre Coma Scale. Ndiponso ofufuza a masiku ano ambiri amangolemba dzina la muyesowo osatchulanso pepala limene unachokera, monga momwe mphunzitsi wa masamu amagwiritsira ntchito zilo osafunsa amene anamuyamba. Apa ndi pamene pagona chodabwitsa: ntchito ya sayansi ikapambana kotheratu n'kusanduka chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, sikelo ija imasiya kuiona.

Palinso china chimene nambala imabisa. Pepala la 1989 lili ndi maina anayi, ndipo pakati pawo pali a Terrie Taylor a ku Michigan State University ku America ndi a Jack Wirima, dokotala wa chiMalawi. Koma mwambo wa kutchulana umatenga dzina loyamba lokha n'kuwonjezera timawu tiwiri ta Chilatini totanthauza kuti "ndi ena". Mwakuti m'zolemba zambiri Mmalawi uja amakhala ali m'kati mwa "ndi ena". Makompyuta a masiku ano amayesetsa kupatsa aliyense gawo lake, inde, koma m'kamwa mwa anthu mumatsala dzina limodzi. Nanga anamwino amene anakhala maso usiku wonse kuyeza anawo maola angapo aliwonse? Maina awo sakhala ngakhale m'kati mwa "ndi ena". Mutu umodzi susenza denga, koma sikelo ya kutchulana imachita ngati denga lonse lili pamutu pa munthu mmodzi.

Ndipo pali ena amene anapereka zoposa tulo. Kuyambira mu 1996 gulu lomwelo, motsogozedwa ndi a Taylor, linayamba kupempha makolo a ana amene amwalira kuti alole matupi a ana awo aunikidwe asanakaikidwe m'manda. Aliyense wodziwa mwambo wa maliro m'dziko muno akudziwa kulemera kwa pempho lotere kwa mayi amene mwana wake wangotsirizika kumene. Ena anakana, ndipo palibe angawadzudzule. Ena analola. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2004 m'magazini ya Nature Medicine: mwa ana 31 amene madokotala onse anakhulupirira kuti aphedwa ndi malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimodi m'magazi mwawo, monga timakhalira mwa ana ambiri a kumudzi, koma chimene chinawapha chinali china. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse ankalandira chithandizo cha matenda amene sanali mdani wake weniweni. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti njira yosiyanitsira magulu awiriwa mwana akadali moyo ndiyo kuunika m'kati mwa diso, kumene mitsempha imaonetsa zizindikiro zake za malungo a mu ubongo, zimene dokotala wa maso Susan Lewallen anali atayamba kuzifotokoza ku Blantyre komweko mu 1993. Pepala la 2004 nalo latchulidwa kwambiri. Makolo amene analola aja sawerengeredwa paliponse.

Wina angati izi zikungoonetsa kuti nambala imachepetsa ulemu wa anthu abwino, koma siikweza oipa. Ayi ndithu, imasokeretsa mbali zonse ziwiri. Pamene magazini ya Nature inandandalika mu 2014 mapepala 100 otchulidwa koposa onse m'mbiri ya sayansi, loyamba linali la Oliver Lowry la 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa mapuloteni, lotchulidwa koposa ka 300,000. Ndi pepala lothandiza, koma ndi malangizo a kagwiridwe ka ntchito m'labotale. Pepala la Watson ndi Crick la 1953 lofotokoza kapangidwe ka DNA, limene mwana aliyense wa bayoloje amaphunzira, silinalowe n'komwe m'gulu la 100 lija. Choipa koposa ndi nkhani ya Andrew Wakefield, amene mu 1998 analemba mu The Lancet, atangoona ana 12 okha, zoganizira kuti katemera wa chikuku ndi matenda ena awiri angakhale ndi mbali pa vuto la autism. Zinadzadziwika kuti ntchitoyo inali yachinyengo. Magaziniyo inalichotsa pepalalo mu 2010 ndipo mwiniwake analandidwa chilolezo cha udokotala. Koma pepalalo latchulidwa koposa ka 1,000, ambiri akulitchula pofuna kulitsutsa. Kompyuta siisiyanitsa womutamanda ndi womudzudzula, kwa iyo mfuu ya "wakuba uyo!" ndi nthungululu n'chimodzimodzi.

Mankhwala amene Amalawi amamwa akadwala malungo ali ndi phunziro lawolawo pa nkhaniyi. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kulorokwini n'kuyamba SP, imene ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Fansidar, chifukwa ofufuza anali ataonetsa ndi manambala kuti tizilombo taleka kumva mankhwala akalewo. Kusintha kumeneko kunakhudza mudzi uliwonse, koma lamulo la boma silitchula mapepala monga amachitira magazini. SP nayo itafooka, mu 2007 kunabwera LA. Mphamvu yaikulu ya LA imachokera ku mankhwala a artemisinin, amene mayi wina wa ku China, Tu Youyou, ndi gulu lake anatulutsa m'chitsamba chotchedwa qinghao kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pa ntchito yachinsinsi ya boma imene inayamba mu 1967. Zotsatira zake zitasindikizidwa mu 1977, panalibe dzina la munthu aliyense pa pepalalo, popeza ndale za dziko lake nthawi imeneyo sizinkalola munthu mmodzi kuonekera pamwamba pa gulu. Kwa zaka zambiri akatswiri akunja sankadziwa n'komwe woti amutchule. Mphotho ya Nobel inamupeza mu 2015, ali ndi zaka zopitirira 80. Akanakhala kuti amapempha ntchito pa yunivesite yoyang'ana h-index yokha, kalata yake ikanaponyedwa m'dengu.

Pamenepa pafunika kusamala, chifukwa pali anthu amene amakonda nkhani ngati zimenezi pa chifukwa cholakwika. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene wakhala zaka khumi osalemba kanthu angasangalale kumva kuti manambala ndi achabe. Si achabe. Kulemba ndi kusindikiza ndiko kumasiyanitsa sayansi ndi nzeru za sing'anga wa kumudzi amene amadziwa mtengo wochiritsadi, koma amapita nawo kumanda osauza munthu, ndipo palibe amene anayesapo ngati unkachiza odwala khumi mwa khumi kapena awiri okha. A Molyneux akanangogwiritsa ntchito muyeso wawo m'chipinda chimodzi cha ku Gulupu osaulemba, lero ukanakhala utaiwalika. Unafika ku Kenya, ku Gambia ndi ku Papua New Guinea chifukwa unasindikizidwa, anthu ena n'kuuyesa, n'kuutsutsa pena, n'kuutchula. Wofufuza amene palibe ndi mmodzi yemwe wamutchula m'zaka makumi awiri ayenera kudzifunsa mafunso owawa. Nambala ndi mboni yoyenera kuitanidwa pa bwalo. Cholakwa ndi kuiika pa mpando wa woweruza.

Kulakwa kumeneku kumapweteka dziko losauka koposa lolemera. Magazini otchuka ali ku Ulaya ndi ku America, ndipo owerenga ake ambiri ali komweko. Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza maphunziro a udokotala m'dziko muno, pa sukulu imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, akauzidwa kuti tsogolo lake lagona pa nambala, adzaphunzira msanga kusankha mafunso okoma kwa owerenga akutaliwo. Funso lakuti n'chifukwa chiyani amayi a dera lakutilakuti amafika mochedwa kuchipatala ndi mwana wokomoka silidzamukweza, ngakhale yankho lake lingapulumutse ana ambiri m'boma limenelo. Adzaphunziranso kudula kafukufuku mmodzi m'tizidutswa tinayi kuti mapepala achuluke, ndi kulowetsa dzina lake pa ntchito za alendo zimene iye anangotolerako magazi. N'zochititsa chidwi kuti a Molyneux, amene dzina lawo linkalandiridwa m'magazini aakulu onse, anataya nthawi yawo yambiri pa Malawi Medical Journal, magazini ya kuno kwathu imene siingapikisane ndi The Lancet pa kutchulidwa, koma imawerengedwa ndi anthu amene akuona odwala ake enieniwo. Akatswiri akunja nawo anayamba kudandaula: mu 2012 ena a iwo anasonkhana ku San Francisco n'kugwirizana chikalata chopempha kuti wofufuza aziyesedwa ndi zimene zili m'kati mwa ntchito yake, osati ndi kutchuka kwa magazini imene yaisindikiza.

Choncho bungwe lokweza anthu pa ntchito likhoza kuyamba ndi nambala, koma lisathere pomwepo. Liwerenge mapepala atatu kapena anayi amene mwiniwake akuti ndiwo abwino koposa. Lifunse chimene chinasintha m'chipatala kapena m'malangizo a unduna chifukwa cha ntchitoyo, ndi amene anaphunzitsidwa pansi pake n'kuyamba kudziimira okha. Zimenezi zimadya nthawi kusiyana ndi kungoyang'ana pa kompyuta, ndipo mwina ndicho chifukwa chenicheni chimene nambala imakondedwera.

Pali manambala ena awiri amene sapezeka pa mbiri ya wofufuza aliyense, koma amene a Molyneux ndi anzawo ankawadziwa bwino. Mu 2008 ku Gulupu kunafika makina a MRI ojambula ubongo munthu ali moyo, ndipo mu 2015 a Karl Seydel, a Taylor ndi gulu lawo anasindikiza zimene anapeza mwa ana 168 a malungo a mu ubongo otsimikizika ndi kuunika m'diso. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Mwa amene anachira, otupa chotero anali 27 mwa 100 alionse. Chinsinsi cha imfayo chinaululika: ubongo ukatupa umapanikiza mbali imene imalamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Koma wowerenga amene amakonda masamu aone izi. Ana 20 mwa 131 a mu 1989 ndi 15 mwa 100 alionse. Ana 25 mwa 168 a mu 2015 ndi 15 mwa 100 alionse. Magulu awiriwa sanasankhidwe mofanana, kotero sangayerekezedwe mwachindunji, komabe pakati pa zaka ziwirizo panalembedwa mapepala osawerengeka ndipo maina anatchulidwa zikwi zambiri, pamene mwana amene wafika kale pa kukomoka anali akadali pa ngozi yaikulu. Ofufuza a 2015 anaonanso kuti mwa ana amene anapulumuka kutupako kunkaphwa kokha patapita masiku owerengeka, ndipo apo ndi pamene panabadwira funso lotsatira: ngati mwana angathandizidwe kupuma ndi makina, kapena kupatsidwa mankhwala ophwetsa ubongo, kufikira masiku oopsawo atadutsa, kodi angadzuke?